Pansi pa Mkuyu wa ku Linga: Mbiri ya Nkhotakota ndi Oyenera Kuisunga

Pa 10 Seputembala 1863, dzuwa litapendeka, David Livingstone adafika pa gombe la Nkhotakota nakhala pansi pa mkuyu waukulu. Tsikuli tikulidziwa chifukwa mwini wake adalilemba, ndipo lili m'buku la ulendo wake wa pa Zambezi limene lidatuluka mu 1865. Adalembamonso kuti adapeza wamalonda wina, Juma ben Saidi, ali kalikiliki kukhoma chombo cha matanga chowolotsera katundu ndi anthu kupita kutsidya kwa nyanja, ndiponso kuti adaona anyamata ali m'magoli, kudikira ulendo. Dzina la wamalondayo lidalowa m'buku. Mayina a anyamata aja, midzi yawo ndi mifunda yawo sizidalowemo. Mbiri ya kwathu kuno, inu mafumu ndi alendo athu olemekezeka, yayenda chomwecho kwa nthawi yaitali: odutsa ndiwo adalemba, ndipo adalemba zimene zidawakhudza iwowo.

Zimene zidalembedwazo n'zosachepa, ndipo sitiyenera kuzinyoza. Tikudziwa kuti cha m'zaka za m'ma 1840 kudafika amalonda achiswahili ochokera kugombe la nyanja ya mchere, ndipo mtsogoleri wawo, Salim bin Abdallah, ndiye amene mabuku amamutchula kuti Jumbe woyamba. Adapeza dziko lili ndi eni ake, Achewa, napempha malo, koma m'kupita kwa nthawi mfuti, nsalu ndi mikanda zidampatsa mphamvu zoposa za amene adampatsa malowo. Minyanga ya njovu ndi akapolo zinkasonkhanitsidwa pano kuchokera kumtunda, mpaka ku chigwa cha Luangwa, n'kuwoloka nyanja pa zombo, kenako n'kuyenda pansi ulendo wa miyezi kukafika ku Kilwa. Pambuyo pake pa mpandowo padakhala Mwinyi Mguzo, kenako Tawakali Sudi, amene mu 1889 adachita pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain. Tawakali atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sadakhalitse: Angerezi adamchotsa, namtumiza ku Zanzibar, ndipo ufumu wa a Jumbe udathera pomwepo. Chaka chomwecho cha 1894 amishoni a UMCA adatsegula mishoni yawo pano. Chaka chotsatira, pa 2 Seputembala 1895, Bishopu Chauncy Maples adamira pa nyanja, ndipo thupi lake lidaikidwa kuno, pamene lero pali tchalitchi cha All Saints.

Ngakhale m'zolembedwa zomwezi muli mfundo zofuna kupeta. Livingstone akuti Juma ben Saidi. Olemba a pambuyo pake akuti Salim bin Abdallah. Zolemba zina za masiku ano zimati kukumana kwa pansi pa mkuyu kudachitika mu 1864, pamene chaka chimenecho Livingstone adachoka m'dziko muno, pa ulendo wopita ku Bombay ndi ku London. Nkhani yakuti pansi pa mtengowo adayanjanitsa Jumbe ndi mafumu a Achewa imakambidwa kwambiri kuno, ndipo iyenera kulembedwa monga momwe akuluakulu amaikambira, pamodzi ndi dzina la woikambayo. Wofufuza mbiri woona sasankha nkhani yokoma n'kutaya inzake. Amaika ziwirizo pa mphasa imodzi, nanena kumene iliyonse yachokera, kuti wobwera m'mbuyo adzathe kuyeza yekha.

Vuto lina n'lakuti mapepala onena za ife ali kutali ndi ife. Makalata a amishoni a UMCA amasungidwa ku Oxford. Zolemba za boma zili ku National Archives ku Zomba, ndipo zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zidapsa pamene maofesi akuluakulu a boma ku Zomba adayaka moto mu 1919. Nyengo imene idatayika m'motowo ndi yomwe ija imene a Jumbe ankagwa ndipo boma latsopano linkakhazikika m'dera lino, lomwe panthawiyo linkatchedwa Marimba. Mabuku ena akale ali ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu mzinda wa Blantyre. Wofufuza kumeneko akumbukire kufunsa dzina lakuti Kota Kota, pakuti ndimo mmene azungu ankalembera, ndipo akangofunsa Nkhotakota akhoza kubwerako chimanjamanja. Mwana wa sukulu wa ku Linga kapena wa ku Dwangwa sangakwere basi kukaona zonsezi, ndipo n'chifukwa chake amadziwa bwino mbiri ya maiko akutali kuposa ya doko limene amasambapo.

Njira ina idatsegulidwa kale ndi anthu athu omwe. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi, adafunsa akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, m'chilankhulo chathu, nthawi imene ophunzira ambiri ankaganiza kuti nkhani ya pakamwa si mbiri. Mu 1975 Kings Phiri adamaliza kafukufuku wake wa mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati, wotsamira pa zokamba za akuluakulu. George Shepperson adalemba za a Jumbe ndi Chisilamu mu 1966, ndipo Harry Langworthy adalemba za mphamvu ya Aswahili pakati pa nyanja ndi Luangwa. Koma agogo amene ofufuza a nthawi imeneyo adawapeza adali ana ndi adzukulu a anthu oona zinthuzo ndi maso. Agogo amenewo adatisiya kalekale. Amene tili nawo lero adamva kwa iwo, ndipo maliro aliwonse a munthu wa zaka 80 amapita ndi mayina amene palibe wina akuwadziwa.

Nanga tikafunse chiyani? Mbiri ya maufumu a Malengachanzi, Kanyenda, Mwadzama, Mphonde, Mwansambo ndi Kafuzira, ndithu, koma tisalekere pa bwalo la mfumu. Pakati pa Achewa mtundu umayenda ndi mbumba, ndipo odziwa kuti uje adabadwa kwa yani, adachokera kuti, adakwatiwa kuti, kawirikawiri ndi amayi okalamba, omwe aja amene amakhala chete kuseri pamene abambo akulankhula ndi mlendo wonyamula kope. Tikafunse asodzi mayina a madoko ndi a mphepo. Alimi za mpunga wa faya, umene akuluakulu amati udabwera ndi Aswahili pamodzi ndi mitengo ya kokonati. Mashehe za mzikiti wakale ndi manda a a Jumbe. Akuluampingo za mabuku a ubatizo ndi a maukwati, momwe muli mayina a anthu wamba amene sapezeka kwina kulikonse. Tikafunsenso amene adali ana mu 1960, pamene chipani cha Malawi Congress chidachita msonkhano wake waukulu kuno, Dr. Kamuzu Banda n'kusankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse, Henry Chipembere ndi Dunduzu Chisiza atangotuluka kumene m'ndende. Mboni za msonkhanowo zikadalipo, ngakhale zikutha.

Pali nkhani imodzi yolemera imene sitingailambalale. Adzukulu a ogwira anthu ndi adzukulu a ogwidwa akukhala mudzi umodzi, adakwatirana, amaika maliro limodzi. Si akapolo onse adawoloka nyanja; ambiri adatsala kuno, nalima minda ya ambuye awo, nabereka ana amene lero ndi eni mudzi. Mawu akuti kapolo akadali chipongwe, ndipo banja lililonse lili ndi ufulu wonena kuti nkhani yathu ilembedwe, koma dzina lathu libisike. Wofunsa alemekeze zimenezo. Komabe kubisa dzina n'kosiyana ndi kukwirira nkhani. Tikangosunga mtengo wa Livingstone ndi manda a a Jumbe, n'kuiwala anyamata a m'magoli aja, ndiye kuti tabwereza zomwe zija zidachitika m'buku la 1865. Mu 2011 boma lathu lidapereka ku UNESCO njira za akapolo ndi za Livingstone kuti ziganiziridwe pa mndandanda wa malo a mbiri a dziko lonse lapansi, ndipo Nkhotakota ali m'gululo. Alendo akadzabwera kudzaona, kodi tidzawauza za odutsa okhaokha?

Ntchito yeniyeniyo si yofuna chuma chambiri. Foni ya m'manja imajambula mawu ndi zithunzi. Chofunika ndi mwambo wake: kuyamba waonekera kwa mfumu, makamaka ngati nkhani ikukhudza manda, kulemba tsiku, malo, dzina ndi mfunda wa wokambayo, ndi amene iye adamva kwa iwo, kulemba mawu ake monga wawanenera, Chichewa cha kunyanja chikhale cha kunyanja, osachiwongola kuti chifanane ndi cha pa wailesi. Kalata yakale, chiphaso cha msonkho, chithunzi cha ukwati wa agogo zijambulidwe, kenako zibwezedwe kwa eni ake. Ndipo chilichonse chikhale ndi makope m'malo oposa amodzi, pakuti chiswe sichisankha pepala, ndipo madzi osefukira amene adavuta ku Dwangwa mu 2024 adationetsa kuti katundu wa m'nyumba angathe kupita usiku umodzi.

Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kubwera m'nkhalango yathu ya Nkhotakota, m'dziko lomwe lija limene minyanga inkatulukira. Ntchitoyo idajambulidwa, idawerengedwa, ndipo dziko lonse lidaimva. Zidatheka chifukwa kwina kudali njovu zotsala. Nkhani imene ili m'mutu mwa gogo wa kwa Mwadzama kapena wa m'mbali mwa Chia ilibe kwina kokaitenga, ndipo mdzukulu amene ali ndi foni m'thumba akugona m'nyumba yomweyo.