Manja 42 a Kannon

Anzanga, mukadzaona chithunzi cha chiboliboli cha manja ambirimbiri, musafulumire kunena kuti "izi ndiye zoopsa izi". Dzanja lililonse pamenepo lili ndi ntchito yake.

Mumzinda wa Kyoto ku Japan muli kachisi wa Abuda wotchedwa Sanjusangendo, wotalika mamita pafupifupi 120. Mkati mwake muli ziboliboli 1,001 za Kannon, amene Abuda amati ndiye mwini chifundo. Ku China amamutchula Guanyin, kutanthauza womva kulira kwa dziko. Zonsezo anazisema ndi mtengo wa hinoki, wachibale wa mkungudza, n'kuzikuta ndi golide.

Amati Kannon ali ndi manja 1,000, koma mukawerenga mupeza 42 basi. Nanga enawo? Awiri ndi ake enieni, awagwirizanitsa pachifuwa. Otsala 40, lililonse amati limapulumutsa maiko 25. Chulukitsani nokha, muona kuti zikukwana. Pamutu pali timitu tina toyang'ana uku ndi uku, kuti wolira asasowe womuona. M'manjamo muli zida: chingwe chokokera wotayika, botolo la madzi, duwa lomera m'matope koma lotuluka loyera. Wosemayo akutiuza kuti chifundo si kungoti "pepani". Umamva, umaona, kenako umatambasula dzanja.

Kachisiyu anamangidwa mu 1164, ndipo mu 1249 anapsa. Anthu anapulumutsa ziboliboli 124 zokha. Tangoganizani, zaka zoposa 80 kuthera m'phulusa! Koma amisiri sanagwe ulesi, anayambiranso. Mkulu wawo Tankei anamaliza chiboliboli chachikulu chapakati mu 1254 ali ndi zaka zopitirira 80. Anamwalira mu 1256, pamene kachisi watsopano anatha mu 1266. Mdalayo sanaone mapeto a ntchito yake, eti, komabe anasema.

Nayonso njira yosemera ikunena zomwezo. Sankasema thunthu limodzi ayi. Ankalumikiza zidutswa zambiri za matabwa, motero amisiri ambiri ankagawana ntchito pa chiboliboli chimodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ndiye kalabu yathu ikamaoneka yochepa, mavuto a anzathu n'kumachuluka, kumbukirani masamu a Kannon. Manja enieni anali 42 okha. Lanulo likufikira angati?