Montgomery Meigs, Mdindo wa Katundu wa Ankhondo

Kubadwa kwake

Montgomery Meigs anabadwa pa 3 May 1816 mumzinda wa Augusta, m'chigawo cha Georgia, kumwera kwa dziko la America, koma anakulira ku Philadelphia kumene atate ake anali dokotala. Atatsiriza maphunziro pa sukulu ya asilikali ya West Point m'chaka cha 1836, anakhala mmisiri wa zomangamanga m'gulu la ankhondo, ndipo chaka chotsatira anagwira ntchito pa mtsinje wa Mississippi pansi pa msilikali wina waulemu wake, dzina lake Robert E. Lee. Pambuyo pake ndiye anamanga ngalande yobweretsa madzi akumwa mumzinda wa Washington.

Nkhondo yapachiweniweni

M'chaka cha 1861, pamene zigawo za kumwera zinapandukira boma pofuna kusunga ukapolo, abale anayang'anana ndi mfuti, ndipo Lee anapita kukatsogolera opandukawo. Meigs, ngakhale anabadwira kumwera komweko, sanagwedezeke. Pulezidenti Abraham Lincoln anamuika kukhala mkulu woyang'anira katundu wa asilikali a boma.

Ntchito ya mdindo

Tikamamva za nkhondo timafulumira kutamanda akazembe amene amaima patsogolo, koma tiyeni tiyambe taganizira msilikali mmodzi yekha, amene wayenda tsiku lonse m'matope, nsapato itang'ambika, mvula ikumuvumba, ndipo dzuwa litalowa akufunafuna hema ndi chofunda. Amene anayenera kudziwiratu za nsapato imeneyo miyezi ingapo isanang'ambike anali Meigs. Zovala, mahema, ngolo, akavalo, nyulu, zombo ndiponso mayendedwe a pa njanji, zonsezi zinali m'dzanja lake. Kavalo mmodzi ankafuna mapaundi 14 a udzu ndi mapaundi 12 a mbewu tsiku lililonse, ndipo akavalowo anali ankhaninkhani. Udzu ukachedwa panjira, mizinga inkaima, pakuti panalibe choikoka.

Poyamba amalonda osakhulupirika ankagulitsa kuboma nsalu zonyenyeka ndi akavalo okalamba pa mtengo wokwera. Meigs analimbikira kuti ogulitsa azipikisana poyera pa mitengo, ndi kuti katundu aziyesedwa asanalandiridwe. Ndalama zoposa madola biliyoni imodzi zinadutsa mu ofesi yake, koma palibe amene anamupeza ndi mlandu wotengapo kanthu. Ife amene tikudziwa mmene chuma cha anthu onse chimayesera mtima wa wochisunga, sitingaione nkhani iyi ngati yaing'ono.

Pamene kazembe William Sherman anachoka ku Atlanta mu November 1864, nadutsa dziko la adani ndi asilikali pafupifupi 60,000 kufikira ku Savannah, m'mbali mwa nyanja, anapeza zombo zimene Meigs anakonzeratu, zodzaza zovala ndi nsapato, zikumudikira. Indedi mutu umodzi susenza denga.

Manda a ku Arlington

Akufa nawonso anali udindo wake. Manda a ku Washington atadzaza m'chaka cha 1864, Meigs anapempha kuti asilikali aziikidwa ku Arlington, pa munda umene Lee ndi mkazi wake ankakhala nkhondo isanayambe, ndipo analamula kuti ena aikidwe pafupi penipeni ndi nyumba, mozungulira dimba la maluwa la mayi Lee, kuti eni ake asadzakhalemonso. Ena amati uku kunali kuwawa mtima, ndipo sitingakane, chifukwa Meigs ankaona mnzake wakaleyo ngati wachiwembu amene wadzetsa maliro m'nyumba zosawerengeka.

Maliro amenewo anafika ndi m'nyumba yake yomwe. Pa 3 October 1864 mwana wake John, amenenso anali msilikali, anawomberedwa m'chigwa cha Shenandoah ali ndi zaka 22 zokha. Atate ake sanatonthozeke, komabe ntchito sanaisiye.

Masiku ake otsiriza

Nkhondo inatha m'chaka cha 1865, koma Meigs anakhalabe pa udindowo kufikira 1882. Anamwalira ku Washington pa 2 January 1892, ndipo anaikidwa ku Arlington, pafupi ndi mwana wake John.