Amene amalamula liwiro la minibasi si chikwangwani

Msewu wa M3 ukatuluka m'tauni ya Zomba kulowera ku Liwonde umadutsa pa Matawale, pomwe anthu amadutsana ngati nyerere. Pali ana asukulu, amayi opita ku chipatala, a kabaza, ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu, ndi ife ophunzira amene timachita lendi kuno chifukwa malo ogona ku Chirunga sakwanira. Pakati pa onsewa pamadutsa minibasi, Sienta ndi timalole tonyamula katundu, zambiri mwa izo zili pa liwiro limene mwamuna wanzeru sangayendetse galimoto yake atakweza banja lake. Ndakhala ndikudzifunsa kuti chikwangwani cholembedwa 50 kapena 60 chili ndi mphamvu yanji pa galimoto zoterezi, ndipo ndikuona kuti yankho lili m'mbiri ya msewuwu.

Zomba idakhala likulu la boma la atsamunda mu 1891, nthawi ya Harry Johnston. M'zaka zoyambirira zomwezo Kaputeni Sclater adalambula msewu wochokera ku Blantyre kufika ku Zomba. Pamsewu umenewo injini inali munthu. Azungu ankanyamulidwa pa machila, katundu ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, ndipo liwiro linkatha pomwe miyendo ya wonyamula yathera. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 malole adayamba kunyamula katundu wa asilikali kuchokera ku Limbe, kudzera ku Zomba, kupita ku Fort Johnston, Mangochi ya lero. Choncho galimoto zimene zidazolowera njira yathuyi poyamba zinali za ntchito, zothamangitsidwa ndi nthawi, osati zokayenda.

Atsamundawo kwawo anali atalimbana kale ndi nkhani ya liwiro. Mu 1865 Britain idakhazikitsa lamulo loti galimoto yoyendera nthunzi isapose makilomita 6 pa ola kumidzi ndi makilomita 3 m'tauni, ndipo kutsogolo kwake kuziyenda munthu atanyamula mbendera yofiira. Mu 1896 Walter Arnold wa ku Kent adalipitsidwa chindapusa chifukwa choyenda pafupifupi makilomita 13 pa ola. Wa kabaza wa njinga yakapalasa amaposa pamenepo potsika ku Chinamwali. Koma chaka chimene chimandikopa kwambiri ndi 1930. Chaka chimenecho aphungu a ku Britain adachotseratu malire a liwiro pa galimoto zing'onozing'ono, koma mabasi ndi galimoto za katundu adazisiyira malire. Imfa zapamsewu zitachuluka, mu 1935 adaika malire a makilomita 48 pa ola m'malo okhala anthu. Mpaka lero ku Britain, pamsewu wamba wa kunja kwa tauni, galimoto yaing'ono imaloledwa makilomita pafupifupi 97 pa ola, pomwe vani ya katundu imalekezera pa 80.

Kusiyanitsaku kuli ndi chifukwa chake. Vani ndi yaitali msinkhu, ikadzaza imalemera, ndipo ikakhota mwadzidzidzi sichedwa kugudubuzika. Komanso woyendetsa vani sakhala pa ulendo wake. Amakhala pa ulendo wa bwana.

Mfundo yachiwiriyi ndiyo imatikhudza kwambiri kuno, chifukwa minibasi zathu zambiri ndi mavani. Toyota HiAce, Nissan Caravan, Nissan Vanette ndi Mazda Bongo zimabwera zakale kuchokera ku Japan, ndipo zambiri zimafika zilibe mipando kumbuyo chifukwa zidapangidwira makatoni. Mipando amachita kuwotcherera konkuno. Nthawi ina mukakwera tayang'anani pansi, muone mmene miyendo ya mpando yagwirira. Galimoto imene ku maiko ena akadaichepetsera liwiro itanyamula matumba a simenti, kuno imanyamula anthu opitirira khumi, thumba la chimanga pansi pa mpando ndi beseni la matemba a ku Chilwa kumbuyo.

Sizidayambe chonchi. Kwa zaka zambiri maulendo a basi m'dziko muno anali m'manja mwa kampani imodzi, Nyasaland Transport Company, imene pambuyo pa ufulu idadziwika ndi dzina loti United Transport Malawi, kapena UTM (osati chipani chija). Mu 1989 idagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland, ndipo mu 1997 idasanduka Shire Bus Lines, yomwe idadzatha m'zaka za m'ma 2000. Sindikufuna kuikometsera nthawi imeneyo. Makolo athu amasimba za kugona pa depoti kudikira basi, ndi za kuimirira ulendo wonse utapanikizika. Komabe basi ya kampani inali ndi zinthu ziwiri zimene minibasi ilibe: ndandanda ya nthawi, ndi dalaivala wolandira malipiro pamwezi. Akafika msanga ku Liwonde sankapindula kalikonse. Malire enieni a liwiro anali amenewo.

Msika utatseguka m'zaka za m'ma 1990, minibasi zidachuluka ndipo kayendedwe kadapepukadi. Koma dongosolo la malipiro lidasintha. Mwini galimoto amatchula ndalama imene akufuna madzulo alionse, imene madalaivala amaitcha tageti. Mafuta atuluke m'ndalama za tsikulo, oitanira alandire zawo pa siteji iliyonse, zapamsewu zimene tonse timazidziwa zituluke momwemo, ndipo chotsala ndicho agawane dalaivala ndi kondakitala. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga, koma pa ntchito iyi wodya gaga ndi wochedwa. Munthu amene waima pa Matawale ndi chikwama amakwera minibasi imene yayamba kufika, ndiye minibasi ziwiri zikanyamuka motsogozana m'tauni, mpikisano wayamba kale.

Boma layesapo kulowererapo. Lamulo lalikulu la pamsewu limene tikugwiritsa ntchito ndi la 1997. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika kuitanira kudaletsedwa, ndipo minibasi zidauzidwa kuti zizikweza anthu atatu pa mpando m'malo mwa anayi. Oitanira alipobe pa siteji iliyonse. Za anthu atatu zimatsatidwa pomwe pali apolisi, ndipo wachinayi amatsika patsogolo pa rodibuloko n'kukakwereranso kuseri. Nthawi ya Covid-19 chiwerengero chidatsitsidwanso, ndipo mu Januwale 2021 madalaivala ndi makondakitala adachita zionetsero. Malamulo onsewa adakhudza ndalama imene minibasi imapeza pa ulendo umodzi, koma palibe limene lidakhudza tageti. Ukachepetsa okwera tageti ili pomwepo, dalaivala amabweza ndalamayo pochulukitsa maulendo, ndipo maulendo amachuluka ndi phazi la kumanja.

Makamera a apolisi a pamsewu nawo ali ndi polekezera. Madalaivala amadziwa malo amene apolisi amakonda kuima, ndipo amachenjezana pophethiritsa nyali. Minibasi imayenda mwaulemu mamita mazana angapo, kenaka n'kubweza nthawi imene yatayika.

Kenya idayesa njira ina. Nduna ya zamtengatenga John Michuki idatulutsa malamulo mu 2003, amene adayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2004. Matatu, omwe ndi minibasi za kumeneko, adayenera kuikidwa kachipangizo koletsa injini kupyola makilomita 80 pa ola, malamba pa mpando uliwonse, ndi anthu osaposa 14 mu galimoto imene kale inkapanikiza 18. Madalaivala ndi makondakitala adayenera kulembedwa ntchito yokhazikika ndi kuvala yunifomu. Eni matatu adanyanyala, anthu a ku Nairobi adayenda wapansi kwa masiku, koma ndunayo sidagonje, ndipo ngozi zidatsika m'miyezi yotsatira. Michuki atasamutsidwa ku undunawo zinthu zidayamba kubwerera mwakale, amakaniko ataphunzira kupusitsa kachipangizo kaja. Ine ndimaona kuti mbali imene idali ndi nzeru kwambiri m'malamulowo ndi ya malipiro, ndipo ndi yomweyo imene eni galimoto adaizemba msanga.

Masamu ake ndi osavuta, ngakhale kwa ife amene tidathawa fizikisi. Galimoto ya pa makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, pomwe ya pa 100 imayenda mamita 28. Mtunda woimira mabuleki akagwira sukula mofanana ndi liwiro: pa 100 umatalika pafupifupi katatu kuposa pa 60, ndipo apa tikunena za matayala abwino, osati akaunjika osalala. Bungwe la World Health Organization limati mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa umakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. M'lipoti lake la 2018 lidayerekeza kuti Malawi imataya anthu 31 pa anthu 100,000 alionse chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse. Mu 2020 maiko atakumana ku Stockholm adagwirizana zoti pomwe galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi, malire azikhala makilomita 30 pa ola.

Matawale ndi malo oterowo, ngakhale pamapu amaoneka ngati chigawo chabe cha msewu waukulu wopita ku nyanja. Ndikadafunsidwa, ndikadapempha zinthu ziwiri. Choyamba ndi mahampu ndi malo owolokera okwezedwa kuyambira pa mphambano mpaka ku Chinamwali, chifukwa hampu salandira kangachepe ndipo saweruka madzulo. Chachiwiri n'chakuti nthambi ya boma yoona za pamsewu isamapereke chilolezo chonyamula anthu kwa mwini minibasi amene sadaonetse mgwirizano wa malipiro a pamwezi ndi dalaivala wake, ndipo minibasi ikagwidwa ikuthamanga, chindapusa chizigawidwa pakati pa amene adagwira chiwongolero ndi amene adatchula tageti.