Nolence Mwangwego: Mwana wa ku Mwinilunga Amene Anapanga Malembo

Kunja kuli akatswiri amene amadyera luso lopeka zilankhulo. Wochuka mwa iwo ndi David J. Peterson wa ku America, amene m'caka ca 2009 anasankhidwa kupanga Dothraki, cilankhulo ca anthu ongopeka a m'sewero la pa wailesi ya kanema la Game of Thrones. Anapanganso High Valyrian, ndipo lero pali anthu amene amaphunzira zilankhulozi ngakhale kuti palibe mudzi umene zinayankhulidwapo.

Kuno kwathu munthu amene nchito yake ikuyandikira pamenepo ndi a Nolence Moses Mwangwego. Iwo sanapeke cilankhulo, koma anapangira malembo zilankhulo zimene zinalipo kale.

A Mwangwego anabadwa pa 1 July 1951 m'boma la Mwinilunga, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, koma kwao ndi ku Karonga m'dziko la Malawi. Anali mphunzitsi wa Cifalansa. Atapita ku Paris mu 1977, funso linayamba kuwavuta: ngati Cinyanja cili ndi mau akuti "kulemba", kodi makolo analibe kalembedwe kaokao Azungu asanafike? Nchito anaiyamba mu 1979, naimaliza pa 7 April 1997. Zaka 18 zathunthu. Malembowo anakhazikitsidwa poyera mu 2003.

Kalembedwe kameneka kamayendera maphatikizo a mau, osati lembo limodzilimodzi monga zilili m'malembo a Ciroma. Maziko ake ndi zizindikiro 32 zochedwa misisi, ndipo ciliconse cimamveka ndi "a" kumapeto, monga ba, ka, ma. Pofuna kuti ba akhale be, bi, bo kapena bu, wolemba amaonjezera kacizindikiro kochedwa musiri. Palinso mituyo, imene imabweretsa mamvekedwe ena monga a "mb" ndi "nd", kuphatikizapo kukwera kwa liu.

Apa mpamene pali nzeru yeniyeni. Wogulitsa makala mu Garden akati "mtengo wakwera", womvera amadziwa kuti akunena za ndalama, osati mtengo wa m'thengo, pakuti mau awiriwo amasiyana kakwezedwe ka liu. Papepala kusiyanako kumasowa. Malembo a Mwangwego ali ndi njira yokusonyezera.

Kuchuka kwa anthu awiriwa kwayenda mosiyana kwambiri. Peterson anali ndi makampani a mafilimu kumbuyo kwake. A Mwangwego anaphunzitsa okha anthu oyamba, ndipo ophunzirawo ndi amene anakaphunzitsa ena. Malembo ao anakonzedwera Cicewa, Citumbuka, Ciyao, Cingonde ndi zilankhulo zina za ku Malawi, koma m'masukulu a boma, ku Malawi ngakhale kuno ku Zambia, ana amaphunzira kulemba Cinyanja m'malembo a Ciroma.