Malire otsata madzi a mvula



Sabata yatha, tili pa phunziro la Ciências Sociais, mwana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, agogo anga amakhala tsidya la msewu, utsi wa kukhitchini kwawo timauona tili pakhomo pathu. Nanga bwanji iwo ndi a ku Malawi, ife a ku Moçambique?" Ndinamuyankha mwachidule, koma yankholo silinandikhutitse ineyo. Lero ndati ndilifotokoze bwinobwino.

Azungu asanagawane dziko lino, Angoni a Maseko ankalamulira mbali zonse ziwiri za mapiri athuwa, ndipo Inkosi Chikuse inkakhala kufupi ndi phiri la Domwe. Munthu ankadziwa polekeza munda wake poona mtsinje, chulu kapena mtengo waukulu, mfumu ndi anansi ali mboni.

Pa 11 June 1891, ku Lisboa, Apwitikizi ndi Angerezi anasainirana pangano logawana dera lino. Iwo analemba kuti malire atsate msana wa mapiri, pomwe madzi a mvula amagawikana. Madzi otsikira ku Zambezi, monga a mtsinje wa Revubwe, mbali imeneyo ndi ya Apwitikizi. Madzi otsikira ku Shire ndi ku nyanja ya Niassa, monga a Linthipe, mbali imeneyo ndi ya Angerezi. Palibe mfumu ya kuno yomwe inasaina nawo.

Zolemba papepala zinafunika kuoneka pansi. Choncho kunabwera oyeza malo ndi zipangizo zawo, katundu wawo atasenza amtengatenga. Masana ankakwera mapiri, usiku ankayang'ana nyenyezi kuti adziwe pomwe aima, kenako nkuika zipilala zomwe pa Chipwitikizi timati marcos. Gago Coutinho, yemwe anadzatchuka mu 1922 powoloka nyanja ya Atlântico pa ndege, anagwirako ntchito yoyeza malire a Tete mu 1904 ndi 1905.

Mzerewo unadula ufumu umodzi pakati. Gomani, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Mpaka lero ufumu wa Gomani uli ku Ntcheu, wa Zintambira uli kuno ku Angónia. Mbali yathu, malo ambiri a Tete anaperekedwa m'manja mwa Companhia da Zambézia, yomwe inakhazikitsidwa mu 1892, ndipo anthu anayamba kukhoma msonkho wa mussoco pa nthaka ya makolo awo. Msonkho ndi chibalo zikafika povuta, mabanja ankawoloka usiku kupita ku Nyasaland. Amene munafikako ku msika wa Lizulu mukudziwa: tsidya lino la msewu ndi kwathu, tsidya linalo ndi Malawi, koma kabichi ndi mbatatesi timatsatsa m'chinenero chimodzi.

Bwanji ndikukumba zakalezi? Chifukwa kuyeza malo sikunathe. Lamulo lathu la nthaka la 1997 limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, koma amene akhala pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja timati DUAT, ngakhale alibe pepala. Limavomerezanso umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe. Ndiye kuti mawu a agogo akuti "munda wathu umalekeza pa mkuyu uja" ali ndi mphamvu pamlandu. Koma agogowo akatisiya osatiloza mkuyuwo, umboni wapita nawo kumanda.

Ophunzira anga ndawatuma kuti akayende m'malire a munda ndi wamkulu wa pabanja pawo, akalembe dzina la mtengo, chulu ndi khwawa lililonse monga akuluwo akutchulira. Mwana wa funso uja wandipempha kuti akafunse agogo ake a kutsidya. Ndamulola, poti amene anagawa munda wa amayi ake ndi iwowo.