Salamanda wa mtundu wa tiger: kukonza thanki yoweteramo

Salamanda wa mtundu wa tiger (Ambystoma tigrinum) kwawo ndi ku North America. Amaoneka ngati buluzi, koma ndi wachibale wa chule. Thupi lake ndi lakuda, la mawanga achikasu, ndipo wamkulu amatalika masentimita 15 mpaka 20. Akasamalidwa bwino amatha kukhala zaka zoposa 10.

Ali mwana amakhala m'madzi. Akakula amatulukamo n'kumakhala mu una, choncho chachikulu m'thanki yake ndi dothi. Thanki yagalasi ya malita 75 imakwanira mmodzi. Pansi pake pamathiridwa dothi lopanda feteleza, losakaniza ndi ulusi wa makoko a kokonati, lokuya masentimita 10 mpaka 15. Dothilo lizikhala lachinyezi: mukalifumbata m'manja lizigwirana, koma lisamadonthe madzi. Timiyala ting'onoting'ono tisaikidwemo, chifukwa salamanda amatimeza pamodzi ndi chakudya n'kutsekeka m'mimba.

Pamwamba pa dothi muike khungwa la mtengo loti azibisalamo, masamba ouma ndi mbale yosaya ya madzi opanda klorini. Madziwo azisinthidwa tsiku lililonse. Chivundikiro chikhale cha sefa kuti mpweya uzilowa.

Kutentha kumamuvulaza msanga. Thanki izikhala pa madigiri 15 mpaka 21, pamalo posaomba dzuwa.

Chakudya chake ndi nyongolotsi ndi nkhululu, kawiri kapena katatu pa sabata. Khungu lake limayamwa sopo ndi mafuta odzola, choncho mugwireni mwa apo ndi apo, ndi manja otsuka bwino ndi onyowa.