Kachisi wa pa Mapanga ndi funso la kalembera

Ukatuluka mu Limbe kulowera ku Zomba, pa Mapanga pali malo olerera ana a Amitofo Care Centre. Anawayambitsa ndi Hui Li, mmonke wa Chibuda wa ku Taiwan, yemwe anafika ku South Africa mu 1992 kudzamanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit. Kuno ku Malawi anakokedwa ndi maliro. Edzi inali itasiya ana amasiye mbwee, ndipo cha mu 2004 malowa anayamba kuwalandira. Anawo amadzuka kusanache kukapemphera, nyama salawa, ndipo amaphunzira Chitchaina ndi kung fu. Filimu ya Nicole Schafer ya 2019, Buddha in Africa, inajambulidwa pomwepa.

Anthu a kuno akamva kuti Abuda amakhulupirira zobadwanso, amathamangira masamu. Kalembera wa 1966 anapeza Amalawi 4 miliyoni ndi pang'ono. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Nanga ngati wobadwa aliyense anafapo kale, enawa atuluka kuti?

Funsoli Abuda siliwasowetsa tulo. Amati umunthu ndi amodzi chabe mwa malo 6 obadwirako. Kulinso kwa milungu, kwa ziphona zolimbana ndi milunguyo, kwa nyama, kwa mizukwa yanjala ndi kumoto. Komanso dziko lathuli si lokhali. Choncho anthu angachuluke pamene kwina kukuchepa, malinga ndi ntchito zimene aliyense anachita.

Ine yankholi ndimalimva bwino ndikayang'ana Blantyre. Mu 1966 mzindawu unali ndi anthu ngati 109,000, mu 2018 anali 800,000. Ana anabadwa, inde, koma ambiri odzaza Ndirande, Bangwe ndi Mbayani anatsika basi ndi mphasa ndi kapoto kuchokera ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Wowerenga a m'tauni okha angayese anthu akugwa kumwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Thyolo tingamufunse mfumu yake, pamene wochokera kwa mizukwa palibe kalembera angamulondole.

Tisasokoneze izi ndi zakwathu. Khanda likamalira usiku wonse akulu nkulipatsa dzina la malemu agogo, chabwerera ndi dzina. Agogowo akadali kumizimu, ndipo nsembe amalandirabe.

Opemphera pa Mapanga nawo sapempha kudzabadwiranso ku Bangwe. Akamatchula dzina la Buddha wotchedwa Amitofo, amafuna akabadwire ku Dziko Loyera la Buddha ameneyu, lomwe amati lili kumadzulo.